Ankhoswe, lekani kubwezera ana athu kwa anthu a pakamwa pokoma

Ndikulankhula ndi inu atsibweni, ankhoswe ndi amayi a kuno ku Mangochi, kuyambira pa boma mpaka ku Namwera, Makanjira ndi Monkey Bay. Mwagona. Mnyamata akatsika basi ya ku Joni ndi foni yaikulu, nagwada bwino popereka moni, nasiya ya sopo m'manja mwa apongozi, basi mwatsegula chitseko. Simufunsanso chimene chinathamangitsa akazi amene anawasiya kutsidya, kapena chifukwa chake anzake a pa dooko anasiya kumubwereka ngakhale nkhafi. Za chikomekome cha mkuyu munaziiwala liti?

Alipo anthu amene chikumbumtima chawo sichiwatsutsa, ndipo akatswiri a zamaganizo akhala akuwafufuza kwa zaka zambiri. Mu 1941 dokotala wa ku America, Hervey Cleckley, analemba za odwala ake amene ankaoneka anzeru, aulemu ndi okoma kucheza nawo, koma onama osaphethira, ndipo akapweteka munthu sankamva kanthu mumtima. Khalidweli amalitcha psychopathy. Pambuyo pake Robert Hare wa ku Canada anakonza muyeso wa mfundo 20, mapointi onse pamodzi 40, ndipo kwawoko wofika pa 30 ndiye amamuika m'gululi. Mvetserani zina mwa mfundozo: lilime lotsetsereka, bodza losalekeza, kudyera ena masuku pamutu, kusavomera kulakwa, maukwati ambirimbiri osakhalitsa. Ambiri ndi amuna, koma akazi aliponso.

Mnzake wa khalidweli ndi narcissism, kudzimva kopitirira muyeso. Uyu amakhalira kutamandidwa. Amafuna mpando wa patsogolo paukwati ndi pamaliro pomwe, nsanje imamudya mnzake akagula injini ya boti, ndipo ukamudzudzula pang'ono pagulu adzakusungira mpaka kalekale, chifukwa kudzitukumula konseko kumabisa mtima wosachedwa kusweka. Vutoli linalowa m'buku la madokotala a zamaganizo a ku America mu 1980. Zizindikiro zilipo 9, ndipo munthu amafunika kukhala ndi zosachepera 5, zokhazikika kuyambira pa unyamata wake. Matama a tsiku limodzi atagulitsa usipa wambiri sali m'gulu limeneli.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi ichi. Ife timaopa wodwala misala woyenda yekha m'mbali mwa msewu, ana athu n'kumamugenda, chonsecho ambiri mwa odwala otere sapweteka munthu, ndipo mankhwala amawathandiza, kaya pa chipatala cha boma kuno kaya ku Zomba Mental Hospital. Amene ndikunenayu samva mawu m'mutu. Amadziwa chimene akuchita. Amadziwa kuti kumenya n'kulakwa, n'chifukwa chake amamenya usiku, malo amene chitenje chimabisa, mawa n'kukhala woyamba kufika ku mzikiti kapena kutchalitchi.

Ndiye mwana wanu wathawira kwanu ndi diso lotupa. Mumaitana bwalo. Mwamuna uja amafika wofatsa, amalira misozi yeniyeni, amayala mawu ake onse mwadongosolo, pomwe mtsikana akunjenjemera ndi kusokoneza nkhani chifukwa cha mantha. Inu mumaweruza potengera amene walankhula bwino. "Banja ndi kupirira, bwerera." Bwalo lotere munthu uyu sangaluze, kulankhula ndiye ntchito yake. Mukanafunsa kuti kodi aka n'kachingati, ndani anamuletsa mkaziyo kupita kwa amake, ndalama za banki m'khonde zinapita kuti, bwenzi mutaona nokha. Palibe piritsi lobwezeretsa chisoni mwa munthu. Uphungu wa akatswiri ulipo, koma umatenga nthawi yaitali, ndipo oterewa kawirikawiri safuna n'komwe kupitako poti kwa iwo wolakwa ndi wina nthawi zonse. Nanga malangizo anu a masana amodzi pansi pa mtengo ndiwo amusinthe?

Inunso achinyamata a pa Facebook ndi TikTok, ndakuonani. Chibwenzi chikangotha, mwaika chithunzi cha mwana wa eni ndi kumulemba kuti ndi psychopath. Katswiri amafunsa munthu kwa maola, n'kuwerenganso mbiri yake yolembedwa, asananene zimenezo. Inu mwamuyeza ndi chiyani? Chotsani zithunzizo musanaitanidwe kukhoti.

Simufunika dzina la matenda kuti muteteze mwana wanu. Dziko lino lili ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006, ndipo khoti likhoza kulamula wankhanzayo kuti asamuyandikire. Akafika pakhomo womenyedwa, mugoneke kwanu, m'mawa mupite naye kuchipatala akalembe mabalawo, kenako ku Victim Support Unit pa polisi. Mkamwini uja akabwera ndi shuga ndi misozi, muuzeni kuti akakumane nanu komweko.