Digiri ya za ndale, manja m'magolovesi

Dzulo manejala wa kunyumba ya okalamba komwe ndimagwira kuno ku Leeds, ku UK, anandiitanira mu ofesi. Ndinafunsira kantchito ka padesiki, kokonza ma rota (ndandanda wa mashifiti) ndi kulemba malipoti. Anayang'ana CV yanga, n'kuseka. "Political Science? Ndiye ukufuna kudzakhala pulezidenti kwanuko?" Kenako akuti kodi kompyuta ndimaitha. Ine! Munthu amene ndinalemba kafukufuku wathunthu wa chisankho cha Tipp-Ex cha 2019 chija, mpaka pomwe khoti linachithetsa pa 3 February 2020. Kodi ndinkalemba ndi makala?

Za mashifiti a maola 12 sindinena, mukuzidziwa. Basi ya mbandakucha, msana, fungo losachoka m'yunifolomu. Chondiwawa ine n'chakuti pepala ndili nalo koma khomo lililonse lili ndi loko wakewake. Mabungwe ofufuza za mfundo za boma akufuna "UK experience". Ndikaipeze kuti, kubafa kwa agogo a m'chipinda chachitatu? Makhansolo ndi mabungwe achifundo ambiri sapereka sponsorship, chikalata cha olemba ntchito chopezera visa. Visa ya Skilled Worker kuyambira July 2025 imafuna malipiro a mapaundi 41,700 pachaka, pomwe ntchito zoyambira za ife a za ndale sizifika n'komwe pamenepo. Masters? Fizi ya ophunzira akunja ukangoiona, njala imatha yokha. Ndipo visa yangayi yamangidwa pa bwana yemweyo woseka uja. Akandichotsa, ndili ndi masiku 60 opezera wina. Ndiye nanenso ndinaseka. Ndinaseka mpaka mano onse pamtetete, katswiri wa za ulamuliro wabwino.

Chosekesa china: poti Malawi ili mu Commonwealth, ine ndinavota pa chisankho cha July 2024. Kusankha MP ndikuloledwa, koma kulemba rota ayi. Anzanga obadwira konkuno sadziwa ngakhale dzina la MP wawo, ndimawafotokozera ndine tikuyala mabedi. Kompyuta ndimaitha?

Musaganize kuti ndikutamanda kumudzi. A kalasi yathu ali kuti? Wina ankalemba ma proposal ku NGO, galimoto yoyera, ma workshop ku Mangochi, mpaka boma la America litadula thandizo mu 2025. Pano akugulitsa mazira pa WhatsApp. Wina akuphunzitsa Social Studies pasukulu yapulaiveti yolipira ikafuna. Wina amanyamulira chikwama bwana wina wachipani, nsalu yachipani paphewa, ndipo anatisinthira kale mitundu kawiri. Mmodzi yekha ndiye analowa ku Capital Hill, amalume ake timawadziwa. Ine ndinkazungulira midzi ndi tabuleti kufunsa anthu ngati amakhulupirira makhansala awo, kudikira alawansi yobwera mvula itatha. Kenako kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndinati bola ndinathawa. Kuthawira kuno komwe osamalira okalamba obwera pambuyo pa March 2024 saloledwanso kubweretsa mkazi kapena ana. Tinaphunzira kuti malamulo amapangidwa bwanji, lero tikuwamva pathupi.

Pulezidenti wa kwanu, akutero. Bambo iwe, ndimangofuna mpando wokhalapo ndi Excel.

Amayi ku Dedza amauza anzawo a kumvano kuti mwana wawo amagwira ntchito kuchipatala ku UK. Sindinawakonzepo. Anagulitsa mbatatesi zaka zinayi kuti ndimalize, ndipo chithunzi cha gauni chili pakhoma mpaka lero. Sabata yatha mlongo wanga wamng'ono anayimba, amusankha kukachita maphunziro omwewa. "Achimwene, ndipite?" Ndinakhala kaye chete. Ndinamuuza kuti apite, chifukwa dziko lija likusowa anthu odziwa kuwerenga bajeti ya khonsolo n'kufunsa komwe ndalama za CDF, zachitukuko cha m'madera a aphungu, zalowera. Koma aphunzirenso statistics ndi kalondolondo wa mapulojekiti, ayambe kudziphatika ku mabungwe akadali chaka chachiwiri, ndipo agwire Chipwitikizi poti Mozambique ili kuseri kwa msewu. Fizi ndilipira ine ndi magolovesi omwewa. Akamaliza iye, ndikulongedza. Ndikufuna amayi adzandione ndikugwira ntchito yomwe anailipirira, ngakhale ikhale ya pa boma pa Dedza pomwepo.