Tsidya lino Dadeldhura, tsidya lija Almora: mavoti m'mbali mwa Mahakali

Mtsinje wa Mahakali ndi umene umalekanitsa boma la Dadeldhura, kumadzulo kwa Nepal, ndi boma la Champawat ku India. Anthu a mbali ziwirizi amawoloka malire popanda pasipoti, malinga ndi pangano la 1950, ndipo ambiri a ku Dadeldhura amakapeza maganyu tsidya linalo. Mapiri ndi amodzimodzi, umphawi ndi wofanana. Koma kasankhidwe ka phungu n'kosiyana kwambiri.

Dadeldhura yonse ndi dera limodzi la phungu, la anthu pafupifupi 140,000. Kuchokera mu 1991, pamene zisankho za zipani zambiri zinabwerera ku Nepal, mpaka 2022, derali linasankha munthu mmodzi yekha: Sher Bahadur Deuba wa chipani cha Nepali Congress. Anapambana mu 1991, 1994, 1999, 2008, 2013, 2017 ndi 2022. M'zaka zimenezo dziko linadutsa m'nkhondo ya zigawenga za chikomyunizimu zotchedwa Maoist, ufumu unathetsedwa mu 2008, malamulo atsopano oyendetsera dziko anabwera mu 2015. Deuba anakhala nduna yaikulu kasanu, ndipo Mfumu Gyanendra inamuchotsa pampando kawiri, mu 2002 ndi 2005. Kwawo sanamutaye. Mu 2022 mnyamata woima payekha, Sagar Dhakal, anatola mavoti oposa 13,000 pomwe Deuba anapeza oposa 25,000, ndipo dziko lonse linaicheukira nkhaniyi chifukwa unali umboni woti achinyamata ayamba kutopa.

Tsidya lija, Champawat ndi kachigawo chabe ka dera la Almora, lomwe limaphatikizanso maboma a Pithoragarh, Bageshwar ndi Almora, ndipo ovota ake amaposa miliyoni imodzi. Kumeneko mpando wakhala ukusinthana manja. Harish Rawat wa chipani cha Congress cha ku India anaugwira m'ma 1980, Bachi Singh Rawat wa chipani cha BJP anapambana kanayi kuyambira 1996. Kenaka, kuyambira chisankho cha 2009, lamulo linasungira mpandowu anthu a mafuko amene kale ankanyozedwa, a Dalit. Pradeep Tamta anapambana chaka chimenecho, ndipo Ajay Tamta watenga mu 2014, 2019 ndi 2024. Mwa mipando 543 ya Lok Sabha, nyumba ya aphungu ya ku India, 84 ndi yosungidwa motere. Aliyense m'deralo amavota, koma woima ayenera kuchokera m'mafukowo.

Nepal inasankha njira ina pa vuto lomwelo lopatsa mipando anthu onyozedwa. Wovota wa ku Dadeldhura amapatsidwa pepala losankhira phungu wa dera, n'kudinda chidindo pambali pa chizindikiro, kaya mtengo wa Nepali Congress kapena dzuwa la chipani cha chikomyunizimu cha UML. Kenaka amapatsidwa pepala lina losankhira chipani chokha. Mwa aphungu 275, okwana 165 amabwera ndi pepala loyamba, 110 amachokera pa mndandanda wa zipani malinga ndi mavoti a dziko lonse, bola chipani chifike 3 peresenti. Pa mndandandawo payenera kukhala amayi, a Dalit ndi magulu ena, ndipo gawo limodzi mwa magawo atatu a aphungu a chipani chilichonse ayenera kukhala amayi. Mnzake wa ku Champawat amangodina batani limodzi pa makina, pambali pa duwa la BJP kapena dzanja la Congress, makina n'kulira, kapepala n'kuoneka kuseri kwa galasi masekondi asanu ndi awiri, basi wamaliza.

Ine mtima wanga uli ku pepala lachiwiri la Nepal. Mayi amene anavotera Deuba chifukwa ndi mwana wa kwawo anali ndi mwayi wolanga chipani chake pa pepala linalo. Ndipo amene phungu wake wagwa, voti yake ya chipani imawerengedwabe. Ife amene timasankha phungu ndi pepala limodzi tikudziwa kuwawa kwa voti yopita m'madzi. Komabe sindingabise kuti mndandanda uli ndi chilema: amaulemba ndi akuluakulu a chipani ku Kathmandu, ndipo anthu akhala akudandaula kuti amaikapo abale ndi opereka ndalama. Mkazi wa Deuba, Arzu Rana Deuba, analowa m'nyumba ya malamulo mu 2022 kudzera pa mndandanda womwewo. Mpando wosungidwa wa ku Almora uli ndi ubwino woti m'Dalit amaima pamaso pa anthu, amapempha yekha mavoti mudzi ndi mudzi, ndipo akalephera ntchito anthu amadziwa khomo loti agogode.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi cha aganyu aja. Pa zisankho zonse zisanu ndi ziwiri zimene Deuba anapambana, m'Nepal wokhala kunja sankatha kuvotera komwe ali, ngakhale khoti lalikulu linalamula boma mu 2018 kuti likonze njira. Mlonda wa ku Delhi kapena wonyamula katundu ku Pithoragarh ankayenera kusiya ntchito, kulipira basi ndi ndalama zake, n'kufika kwawo malire asanatsekedwe, pakuti chisankho chikayandikira malirewo amatsekedwa kwa masiku angapo.