Bulangete tinapereka, koma agogo anatitulutsira chitupa

Loweruka lapitali ndinatsagana ndi amayi a chigwirizano a kumpingo kwathu kukaona agogo ena ku Epworth, kufupi ndi Harare. Mukudziwa mmene June amazizirira kuno ku Harare, ndiye tinanyamula mabulangete, ufa, sopo ndi matemba pang'ono. Agogowo anachoka ku Dedza ali mnyamata, nthawi ya Chitaganya, nagwira ntchito pa famu ya fodya mpaka mafamu atayamba kulandidwa mu 2000. Lero akukhala m'kachipinda kamodzi ndi adzukulu awiri amasiye.

Atalandira bulangete anawomba m'manja mwaulemu. Kenako anapisa dzanja pansi pa mphasa n'kutulutsa kajumbo komangamanga. M'katimo munali chitupa chachitsulo chakale chija, chosonyeza kuti iwo ndi mlendo m'dziko lino. "Ana anga, zikomo. Koma mtsikanayu alibe kalata yobadwira. Chaka chamawa alemba bwanji mayeso a Giredi 7?"

Tonse tinangoti chete. Ine foni inali kale m'manja kuti ndijambule, ndinaibweza m'thumba mwamanyazi.

Maganizo anga ndi awa, ndipo ena mukwiya. Mabungwe ambiri othandiza, kuphatikizapo ife a mipingo, timakonda thandizo looneka bwino pa Facebook. Thumba la ufa limatha pa masabata atatu. Vuto la anthu athu ambiri ku Epworth, Mbare ndi Dzivarasekwa ndi mapepala. Lamulo la unzika la Zimbabwe la 2001 linasiya ana a matchona ali m'malere: kuno akuti ndinu a ku Malawi, ku Malawi sanapondeko n'kamodzi komwe. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anakonza zimenezi, akuti wobadwira muno malamulowo asanayambe kugwira ntchito, kholo lake lochokera m'dziko la SADC, ndipo akukhala konkuno, ndi nzika. Koma lamulo lili m'buku, silikwera kombi lokha kupita ku Epworth. Mayi akamwalira opanda chitupa, mwana amavutika kupeza kalata yobadwira, mawa wakenso chimodzimodzi.

Pagulu pathu pali mayi wina, wogulitsa masamba ku Mbare Musika, amene ndimamupatsa ulemu kuposa mabungwe a magalimoto olembedwa m'mbali. Iye amatseka kabenchi kake tsiku lonse, kulipirira gogo kombi, kufunafuna achibale oti akachitire umboni, n'kukaima naye pamzere ku ofesi ya zitupa kuyambira mbandakucha. Akabwezedwa, amapitanso. Palibe amene amamujambula, ndipo ndalama ya kombiyo imachoka m'chitenje mwake.

Sindikunyoza bulangete ayi, usiku uja agogo anagona mofunda. Koma pamsonkhano wathu wa Lachinayi ndikapempha kuti gawo la chopereka cha mwezi uno lipite kwa mayiyu, likhale la mayendedwe. Khadi la kusikelo la mtsikana uja lapezeka kale mu sutikesi ya malemu mayi ake. Amene muli ndi galimoto ndipo muli omasuka Lolemba m'mawa, ndiuzeni.