Kanema wathu ayambe waonetsedwa kwathu konkuno

Abale anga a ku Mulanje, mukukumbuka magalimoto aja ankabwera ndi makamera akuluakulu atangodutsa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023? Anajambula amayi athu atagwira m'masaya kumakampu, ana ali ndi mbale m'manja, kenako ulendo wa ku Blantyre. Thandizo lina linabweradi chifukwa cha zithunzizo, sindikukana. Koma kwathu kuno sindinamvepo wojambulidwa amene anadzionako, kapena kufunsidwa ngati zomwe zinatulukazo ndi zomwe ananena.

Chaka chatha achinyamata a m'mudzi mwathu anabwereka foni yosweka galasi n'kujambula azimayi akuwoloka mtsinje pomwe mlatho unakokoloka, madengu a nanazi ali pamutu kupita kumsika wa Limbuli. Anayamba akagwada kwa amfumu, ndipo mayi aliyense ankamufunsa ngati akulola. Okana ankawasiya. Zidutswazo anawalumikizira mnyamata wobena nyimbo pa tredingi senta, zonse mphindi 7.

Chomwe chinandikomera n'choti kanemayo sanathamangire naye pa Facebook. Anakamuonetsa kaye mu vidiyo sho, muja ana amaoneramo mafilimu a karate. Agogo ena atadziona anadzuka n'kuloza TV ndi ndodo: "Apa mwadula inu! Ndinanenanso za ana osapita kusukulu madzi akadzaza." Anyamata manyazi bii, n'kubwezeretsamo mawuwo. Mlendo wa kamera yaikulu uja agogowa akanamupeza kuti?

Atatero m'pamene anapita naye kanemayo ku VDC, komiti ya chitukuko ya m'mudzi, kenako kumsonkhano wa ADC, komiti ya chitukuko ya dera lonse. Kalata munthu amangoiponya m'dirowa, koma n'kovuta kunena kuti vuto ndi laling'ono uli kuona mayi ali m'madzi olekeza m'chiuno, mwana kumsana. Mlatho sunamangidwebe, ndisakunamizeni. Kungoti tsopano pamsonkhano uliwonse anthu akumafunsa za ndalama za CDF, thumba la chitukuko cha m'dera la phungu, ndipo oyamba kuimika dzanja ndi azimayi omwe aja.

Inu ojambula chisawawa n'kuponya m'magulu a WhatsApp, ndikupempheni. Wothyola tiyi akakudandaulirani za malipiro, inu n'kuonetsa nkhope yake, mawa wochotsedwa ntchito ndi iye, inu muli phee kuwerenga makomenti. Mufunseni kaye. Akafuna, jambulani manja ake okha ndi dengu.

Achinyamata aja tsopano akufuna kujambula za mjigo womwe unafa kalekale, koma mwini foni anaitenga. Amene muli ndi yakale ikungogona m'nyumba, ndipezeni ku inbox.