Za fanta mwazidziwa msanga, za maliro zikukukanikani bwanji?

Ndakwiya ndipo sindibisa. Mng'ono wanga amuchotsa ntchito Lachisanu lapitali chifukwa chokaika atsibweni athu. Sanabe thumba, sanabwere ataledzera, sanatukwane munthu. Anapita kumaliro basi.

Amagwira ntchito pashedi ina kuno ku Dedza, ya kampani yakunja yomwe imagula soya ndi nyemba n'kumatumiza kwawo. Dzina la kampaniyo sinditchula, dziko la bwana wakenso sinditchula, chifukwa chandipweteka ine si mtundu wa munthu koma khalidwe lake. Zaka zitatu mwanayu akusenza matumba a makilogalamu 50 kukweza m'mathiraki. M'mwezi wa Juni, chisanu cha Dedza chikuluma zala, iye amakhala atafika kale pageti 6 koloko isanakwane. Uthenga unabwera Lachiwiri m'mawa kuti atsibweni atisiya kumudzi, cha kwa Kaphuka. Anakawauza akapitao, anakwera kabaza, ulendo. Tinagona pasiwa, Lachitatu tinaika, Lachinayi tinasesa n'kukhala pansi monga mbumba kukambirana za ana ndi za munda. Lachisanu akubwerera, wapeza pamalo pake aikapo wina, ndalama za sabata yonse adula.

Chifukwa chake akuti m'buku la kampani analembamo kuti wantchito amaloledwa kupita kumaliro a bambo ake, mayi ake, mkazi wake kapena mwana wake. Amalume mulibemo. Ndipo bwanayo anachita kumufunsa mwanayu m'maso muli gwa kuti, "Kodi amalumewo ndi bambo ako?"

Bwana, mwakhala kuno zaka zonsezi, simunafunseko ngakhale kamodzi kuti atsibweni ndi ndani kwa Mchewa? Kwathu kuno mwana ndi wakuchikazi. Atsibweni ndiwo mwini mbumba. Mwana akadwala amathamangira kwa iwo, akapalamula amakaima ndi iwo pabwalo la mfumu, akafuna kukwatira unkhoswe amayendetsa ndi iwo. Atsibweni amenewa ndi omwe ankagulitsa kachewere pa Chimbiya kuti mng'ono wangayu alipire fizi mpaka Folomu 4. Bambo athu atamwalira, amene anabwera ndi matumba awiri a chimanga panjinga, thukuta lili kamukamu, anali iwowa. Ndiye lero buku lolembedwa kutsidya kwa nyanja lizitiuza kuti munthu ameneyu si m'bale wapafupi? Mwanayu akanapanda kufika pamaliro aja, kumudzi akanalowanso ndi nkhope yanji? Maliro n'kulirana.

Koma chomwe chanditentha mtima kwambiri ndi ichi. Bwana yemweyo amalidziwa bwino liwu loti chikhalidwe. Thiraki ikamanyamuka, dalaivala amapatsidwa envelopu yapadera, ati ya fanta, yoti azikagawa m'njira kuti asamaimitsidwe nthawi yaitali. Mng'ono wanga wazionapo ndi maso ake kangapo konse. Wina atafunsa, yankho linali loti kuno ku Malawi ndi mmene zimayendera, ndi chikhalidwe chanu. Chikhalidwe chathu! Za fanta anaziphunzira mwezi usanathe. Za maliro zaka zonsezi sizinamulowe. Chikhalidwe chomwe chimathamangitsa thiraki yake amachitola, chomwe chimamudyera masiku atatu a wantchito amati ndi ulesi wa Amalawi. Kumeneko si kusamvetsa, ndi kusankha. Amatola zomupindulira, zotsalazo n'kupondaponda.

Ndipo ndinene pano momveka: ziphuphu si chikhalidwe chathu. Amene anakuuzani zimenezo anakunamizani, kapena munadzinamiza nokha chifukwa bodzalo limakukomerani. Mphatso yachimalawi imayenda masana. Munthu akamapita ndi nkhuku kwa mfumu amainyamula m'manja mudzi wonse ukuona. Chipepeso pamaliro chimalembedwa m'kope, wina amaimirira n'kuwerenga mokweza kuti akutiakuti apereka zakutizakuti, anthu onse akumva. Pamaliro a atsibweni anawerenga mpaka mbale ya ufa yomwe agogo ena anabwera nayo itaphimbidwa ndi kansalu. Nanga ndalama yopinda kanayi n'kuibisa m'kati mwa laisensi, woperekayo akuyang'ana kumbali, wolandirayo akuyang'ananso kumbali, imeneyo ndi mphatso ya mtundu wanji? Chinthu chimene mukuchibisa nokha musachitche mwambo wa makolo athu. Kumeneko ndi kuba. Kwanu ndi kuba, kwathunso ndi kuba.

Dziko lino lili ndi lamulo lothana ndi ziphuphu kuyambira 1995, ndipo limagwira wolandira ndi wopereka yemwe. Ku America anakhazikitsa lawo mu 1977, ku Britain mu 2010, onsewo oletsa makampani awo kukapereka ziphuphu ngakhale kumaiko akunja. Ndiye kuti kumeneko akudziwa kuti chinthu choipa sichisanduka chabwino chifukwa chakwera ndege. Lamulo lathu la ntchito la chaka cha 2000 limanena kuti munthu sachotsedwa popanda chifukwa chomveka, ndiponso ayambe wapatsidwa mpata wodziteteza. Mng'ono wanga mpata umenewo sanauone. Anamuuzira pageti, chikwama chili kumsana.

Musandiuze kuti alendo sadziwa kulira. Ahindu ambiri amakhala masiku 13 akukhuza maliro. Ayuda amakhala pansi masiku 7. Ku China kuli tsiku la Qingming, kumayambiriro kwa Epulo, pomwe maofesi amatsekedwa kuti anthu akasese manda a makolo awo. Mtundu uliwonse uli ndi njira yake yolemekezera akufa ake. Bwana yemweyu kwawo kutagwa zovuta angatseke ofesi n'kukwera ndege ku Lilongwe, ndipo palibe wa ife angamufunse kuti womwalirayo ndi ndani wako. Tingamupepese, tingamuperekeze mpaka pagalimoto. Nanga akufa athu ndiwo alibe ulemu? Misozi yathu ndiyo yoyenera kuyamba yaonedwa m'buku?

Anzathu a ku Angonia, ku Mozambique, omwe timagulana nawo kabichi ndi tomato pa Lizulu, ndalama yawo ndi ina, boma lawo ndi lina, sukulu anaphunzira m'Chipwitikizi. Koma akaona masamba aikidwa pamsewu amatsika njinga, amavula chipewa, amadutsa akukankha. Palibe anawalembera buku. Amangodziwa kuti pano pali anthu akulira. Malonda a pakati pa maiko awiri akuyenda choncho tsiku ndi tsiku popanda wina kunyoza maliro a mnzake.

Inde ndikudziwa kuti alipo ena amaika agogo awo kanayi pachaka pofuna kujomba, ndipo ntchito ikusowa kotero kuti pageti pamakhala anyamata makumi awiri akudikira malo amodzi. Koma ngati mumakayika, kwa Kaphuka n'kutali? Mukanatuma munthu akaone manda. Mukanafunsa kalata ya amfumu. Simunafune kudziwa, chifukwa kudziwa kukanakudyerani ndalama. Munabwera nokha kudzafuna soya wathu, nyemba zathu ndi misana ya ana athu. Walira mvula walira matope. Mukafuna phindu la dziko lino, landirani ndi anthu ake omwe, ndi atsibweni awo, ndi maliro awo. Simungatenge manja a munthu n'kukana mtima wake. Simungamatiuze kuti tilemekeze nthawi yanu, wotchi yanu, buku lanu, inu osalemekeza ngakhale dothi lomwe tangokwirira kumene.

Ndipo inu akapitao, ndinu amene mwandikhumudwitsa koposa. Ndinu mwana wa konkuno. Muli ndi atsibweni anu, mbumba yanu mukuidziwa. Pamene bwana ankafunsa funso lija munali pomwepo, ndinu munkamasulira. Pakamwa panu panalemera chiyani kuti munene kuti bwana, kwathu kuno amalume ndi kholo? Munangoti zii, kenako n'kukatenga mwana wa mlamu wanu kudzamuika pamalopo. Ndinu nomwe mumawaphunzitsa alendowa kuti Mmalawi umangomupatsa ya fanta, ndinu nomwe mumawalozera khomo loti agogode usiku. Mlendo amafika asakudziwa kanthu, amene amamuonetsa njira yokhota ndi ife eni mudzi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa inu akapitao.

Ndipo poti ndayamba, sikelo ya pashedi imeneyo ndani anaiyesa komaliza? Mayi anga anapita ndi soya yemwe kunyumba tinayeza bwinobwino makilogalamu 50, kumeneko akuti 47, kwinako ati ndi chinyezi ndi zinyalala, chonsecho soyayo anauma mpaka kumathetheka padzuwa ndipo tinapeta tokha ndi lichero. Thumba lililonse atatu, thumba lililonse atatu, mzere wa alimi kuyambira pageti mpaka kumsewu. A Malawi Bureau of Standards, bwerani ndi miyala yanu yoyesera mudzaione sikelo imeneyi.