Foni ya amuna anu sinditsegula amai, koma abambo musaombe m'manja

Ndakhala ndikukonza mafoni ku Down Shops kuno ku Chipata kwa zaka zisanu ndi zinayi, ndipo pali ntchito imodzi imene ndimakana ngakhale tsikulo ndisanagwire ndi ngwee yomwe. Lachiwiri lapitali inabweranso. Amai ena, mwana ali kumbuyo, anaima pambali kudikira kuti makasitomala onse achoke. Atatsala okha anamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa Tecno yakuda yong'aluka galasi pakona.

"Abambo, patani yaiwalika, mundithandizeko."

Pagalasi panali chithunzi cha timu ya mpira, ndipo dzanja lawo linkanjenjemera. Ndinafunsa ngati foniyo inali yawo. Anayang'ana pansi nthawi yaitali asanayankhe.

"Ndi ya atate a ana. Afika m'bandakucha, pano akugona. Ndiyenera kukaibweza asanadzuke."

Ndinawapatsa benchi kuti akhale, koma foniyo sindinaigwire. Zimene anandifotokozera ndazimva kambirimbiri pa benchi lomwelo. Miyezi itatu tsopano foni imagona pansi pa pilo. Bambo akamapita kubafa amaikulunga m'thaulo. Ikalira usiku amatuluka kukayankhira kuseri kwa nyumba, patsinde pa mango. Kale patani ankaidziwa ngakhale mwana wawo wachisamba amene ankaseweretsapo magemu, koma tsiku lina m'mawa inangopezeka yasintha, popanda mawu. Ndalama za soya amene analima limodzi ku Chipangali, amaiwo sanaone ndi mtundu wake womwe.

Ambiri amaganiza kuti ife okonza mafoni tili ndi kiyi yotsegulira foni iliyonse. Sizili choncho. Foni za masiku ano ukafuna kuchotsa loko usakudziwa patani, ndiye kuti uifulashe, ndipo zonse zam'kati zimapita: mameseji, zithunzi, manambala. Amaiwo akanabwerera kunyumba ndi foni yopanda kanthu, umboni palibe, mlandu wagwera iwo. Ena amabwera foni ili yotsegula kale, atagwiritsa chala cha mwamuna ali m'tulo, n'kupempha kuti ndilumikize WhatsApp yake ku foni ina kuti aziwerenga mwakachetechete. Zimatheka, sizitenga ndi mphindi ziwiri zomwe, ndipo alipo anyamata amene amachita akapatsidwa kangachepe. Koma kuyambira 2021 dziko lino lili ndi lamulo la milandu ya pa intaneti, limene analilembanso mu 2025, ndipo kulowa m'foni ya munthu kapena kutchera mauthenga ake popanda chilolezo ndi mlandu. Komabe chimene chimandiopsa kwambiri si khoti. WhatsApp imaonetsa mwini wake kuti yalumikizidwa kwina. Mwamuna akazindikira, wotupa diso sakhala ine wa ku shopu. Ndinaonapo mkazi akubwerera kuno mlomo utang'ambika, atathandizidwa ndi mnyamata wina wa mumsewu uno dzulo lake.

Tsono abambo anzanga, apa ndi pamene ndikufuna tiyang'anane m'maso.

Mawu athu ndi omwewo: "Foni ndi yanga, ndinagula ndi ndalama zanga." Ndikuvomera kuti m'foni mumakhala zinsinsi zoyenera kusungidwa. Mlongo wako wakulembera za matenda ake, mnzako wakuuza za ngongole, amai a kumpingo akukambirana za chilimba chawo, abwana atumiza za kuntchito. Zimenezo ndi za eni ake, ndipo ukwati supatsa munthu ufulu wowerenga zinsinsi za anthu ena. Alangizi amaphunzitsa mkazi kuti asamapise m'matumba a mwamuna wake, ndipo ine sindikutsutsa. Koma akuluakulu omwewo amaphunzitsanso mwamuna kuti akamachoka azitsanzika, anene kumene akupita, ndipo ndalama za m'munda aziike poyera. Ife tinatola mbali yotikomera, inayo tinaisiya pamphasa. Uthenga wa matenda a mlongo wako sufuna kuti uukulunge m'thaulo popita kubafa. Ukasintha patani mwakabisira, ukayamba kuika foni chafufumimba mkazi akalowa, walankhula kale, ndipo iye wamva.

Chinanso ndimachiona ndi manja angawa. Galasi losweka chifukwa chogwa m'thumba limasiyana ndi galasi la foni yomenyetsedwa kukhoma. Yomenyetsedwa imapindika ndi thupi lomwe, batire limatupa, zomangira zam'kati zimathothoka. Mafoni otere amene amafika pa tebulo langa, ambiri ndi a azimai. Mwamuna yemweyo amene amati yake isakhudzidwe ndiye amalanda ya mkazi wake usiku uliwonse, kufunsa kuti nambala iyi ndi ya yani, bwanji unali online 22 koloko. Akapeza moni wa mnzake wa kusukulu wakalekale, foni ija ikukhoma. Mawa lake amabwera nayo yekha, akuti mwana anaigwetsa. Zimandiwawa kwambiri, chifukwa nthawi zambiri foni imeneyo ndi imene mai amalandirira maoda a tomato kapena zitenje ku Saturday Market.

Ndipo tikudzinamiza tikamaganiza kuti loko imabisa. SIM iliyonse muno mu Zambia inalembetsedwa ndi chitupa cha mwini wake monga NRC, malinga ndi lamulo la ZICTA, bungwe loyang'anira za mafoni. Mkazi akangoona nambala kamodzi pagalasi foni ikulira, amailemba pa foni yake ngati akufuna kutumiza ndalama pa Airtel Money kapena pa MTN, ndipo dzina la mwini wake limatuluka asanatumize ndi ngwee yomwe. Uja munamulemba kuti "Makanika 2" amasanduka dzina la mkazi pomwepo. WhatsApp inabweretsa kufufuta uthenga mbali zonse mu 2017, mauthenga ozimirira okha mu 2020, kukiya macheza mu 2023. Nyengo ya malonda ikafika, fodya, thonje ndi soya zikagulidwa, kapena ndalama za chimanga za ku FRA, bungwe la boma logula chimanga, zikalowa, amuna amabwera kuchokera ku Chadiza, ku Vubwi, ku Kasenengwa, amagula foni yatsopano, ndipo funso loyamba limakhala lakuti ndiwaonetse kabisidwe. Kale ndinkangoonetsa. Masiku ano ndimafunsa kaye kuti, "Akulu, mukubisira yani?" Ena amaseka, ena amakwiya n'kupita kwina. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo amene amayamba kuvumbwa ndi ana, Januwale akafika yunifomu palibe, feteleza palibe.

Sindikulankhula ngati munthu woyera m'manja. Zaka zinayi zapitazo ine ndemwe ndinayamba kucheza pa foni ndi kasitomala wina mopitirira muyeso. Ndinkadziuza kuti palibe chimene ndachita, ndi mameseji chabe. Koma patani ndinasintha. Amake ana sanaibe foni usiku, sanapite nayo kwa wokonza wina. Tsiku lina titadya nsima, ana atagona, anaitenga pa chaja n'kuiika patebulo pakati pa ife awiri.

"Atate a ana, sindikufuna kuitsegula. Ndikufuna mundiuze chifukwa chake mumaitembenuza ndikalowa m'chipinda."

Ndinakalipa, ndinati ndi foni ya ntchito. Sanabweze mawu. Lamlungu lotsatira ndinapeza amalume awo afika kuchokera ku Katete, akulu anga nawonso ali pampando. Pamaso pa ankhoswe bodza lija linandikanika kulibwereza. Nkhope ya mkazi wanga pamene ndinkaulula sindidzaiiwala, ndipo zinatenga nthawi yaitali kuti azisekanso momasuka m'nyumba. Akanati aibe foniyo usiku, ndikudziwa bwino lomwe zimene ndikanachita: ndikanausandutsa mlandu wa kuba foni, nkhani yeniyeni n'kuikwirira. Pondifunsa masana, pamaso, anandisowetsa pothawira. Lero patani yanga amaidziwa, ine ndimadziwa yawo. Amatenga foni yanga akafuna kuimba yawo ikatha talk time, akamaliza amaibweza pamene anaipeza.

Koma njira imeneyi imayenda pokhapokha ankhoswe akakhala ankhoswe enieni. Ambiri masiku ano akaitanidwa amangotembenukira kwa mkazi: "Banja ndi kupirira, mwamuna ndi mwana, musamagwire foni yake." Mwamuna samufunsa kanthu. Ndiye mukudabwa chiyani mkazi akamabwera ku Down Shops foni ili pamfundo ya chitenje? Anagogoda khomo loyenera, silinatsegulidwe. Makolo athu chigololo sankachitenga ngati nkhani ya munthu mmodzi. Nkhani za mdulo, za kuthira mchere m'ndiwo, za mwana wakhanda amene amatupa kholo likayenda njira zokhota, zonsezo zinkanena kuti zochita za kunja zimalowa m'nyumba n'kugwira osalakwa. Kaya mdulo mumaukhulupirira kaya ayi, kachilombo ka HIV kalipo ndithu. Mkazi amene akufunsa kumene mwamuna wake amagona sakulowerera za eni, akufunsa za magazi ake ndi za mwana amene akuyamwa. Nkhoswe yanzeru, nkhani yotere ikafika, iyenera kunena kuti nonse awiri mawa mukayezetse limodzi kuchipatala, ndipo ndalama za zokolola ziwerengedwe pano tonse tikuona. Amalume a mkazi wanga anatero, ndipo tinapita.

Zikakanika kwa ankhoswe, njira sizinathe. Maukwati a mwambo amaweruzidwa ku Local Court, ndipo nkhani za chigololo amazimva. Pakakhala kumenya kapena kuopseza, ku polisi kuli Victim Support Unit, ndipo lamulo lothana ndi nkhanza za m'banja la 2011 limawerengeranso kuzunza maganizo ndi kumana mnzako ndalama zofunika pakhomo. Chimene ndikupempha ndi mtima wonse n'chakuti ma screenshot asapite pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp a kumpingo ndi a kukomboni. Mkwiyo umatha, koma chithunzi chikafalikira sichibwerera, ndipo mwana wanu wa kusekondale adzachiona pa foni ya mnzake m'kalasi.

Amai aja anakhala pa benchi pafupifupi theka la ola. Mwana anadzuka, anamuyamwitsa, misozi ikugwera pa chitenje. Ndinawafunsa ngati nkhoswe yawo ilipo. Anati amalume awo ali ku Mtenguleni, koma akhala akuchita manyazi kuwauza, komanso foni yawo inalibe talk time. Ndinawapatsa yanga. Anaima pakhomo la shopu, kumbuyo atalozetsa kumsewu, n'kuyamba kuti, "Amalume, ndine. Pali nkhani kuno kunyumba, ndikupempha mubwere Loweruka." Atamaliza anamanganso Tecno ija pamfundo ya chitenje, anakweza mwana kumbuyo, naitana mnyamata wa njinga kuti awathamangitse ku Mchini bambo asanadzuke.