Vinyo woyera wofunda ndi chipongwe kwa chambo

Eni malo odyera mu Blantyre muno, ndimvereni. Vinyo woyera saperekedwa ali wofunda. Saperekedwa, basi!

Loweruka lapitali ndinapita ndi alamu anga ku lesitilanti ina m'tauni muno, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Tinaitanitsa chambo chowotcha ndi mpunga wa Kilombero. Pa menyu ndinaona vinyo woyera wa mtundu wa Sauvignon Blanc wa ku Elgin, ku South Africa, mtima n'kukhala pansi kuti lero tidya bwino. Botolo likubwera, kuligwira, lofunda. Analitenga pa shelefu kuseri kwa kauntala, pafupi ndi khomo la kukhitchini komwe kukuchokera moto. Nditadandaula, mnyamata woperekera zakudyayo anati, "Pepani bwana, timasunga pamenepo, mukafuna ndikuponyereni ayisi m'tambulamo." Ayisi m'vinyo wa ndalama zonsezo! Mnyamatayo sindikumuda, palibe amene anamuphunzitsa. Mkwiyo wanga uli kwa mwini malo.

Kodi mukudziwa chimene mukugulitsacho? Elgin ndi chigwa chozizira chakum'mawa kwa Cape Town, kotchuka ndi maapozi, komwe mphepo ya kunyanja imafika. Mphesa za kumeneko zimapsa pang'onopang'ono, ndiye zimasunga kuwawasa kwake, ndipo vinyo wake amatuluka wopepuka, wonunkhira ngati zipatso zosapsetsa. Ndi mmenenso alili vinyo woyera wa mtundu wa Riesling wa ku Mosel ku Germany, kapena Sauvignon Blanc wa ku Marlborough ku New Zealand. Ubwino wonse wa vinyo ameneyu uli m'kuwawasa kozizirako. Amafuna kuzizira kwa madigiri 7 mpaka 10 Celsius. Mukamusiya kuti afunde, chimene chimatsala mkamwa ndi ukali wa mowa wokha, fungo lonse lathawa. Mukaponyamo ayisi ndiye mwangomusungunula ndi madzi.

Ndipo chondipweteka kwambiri n'chakuti vinyo ameneyu ndi amene amagwirizana ndi ndiwo zathu. Tonse timafinyira ndimu pa chambo. Chifukwa chiyani? Kuti mafuta a nsomba asatsalire mkamwa. Ntchito yomweyo ndi imene vinyoyu amagwira akakhala wozizira: ukaluma chambo, n'kupsontha pang'ono, mkamwa mumayera, nthongo yotsatira imakoma ngati yoyamba. Yesani ndi usipa wokazinga, yesani ndi kampango, ngakhale nkhuku yowotcha. Ngati mwathira kambuzi wambiri, Riesling wotsekemera pang'ono amaziziritsa lilime. Zonsezi zimatheka vinyoyo akakhala wozizira. Akafunda, chambo chija mwachinyoza, msodzi wa ku Mangochi mwamunyoza, ndi ine wolipira mwandinyoza.

Musandiuze za kuzima kwa magetsi. Tsiku lomwelo furiji yanu inali yodzaza ndi mabotolo a mowa ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi, onse akutuluka thukuta. Malo a botolo limodzi la vinyo ndiye anasowa? Ndowa ya madzi ndi ayisi, botolo n'kukhalamo mphindi 20, nkhani yatha. Zimenezinso mpaka tichite kukupemphani?

Safunsa anadya phula. Ngati simukudziwa kasungidwe kake, funsani amene amakugulitsaniwo. Ngati simukufuna kufunsa, chotsani vinyoyo pa menyu, tizimwa madzi.

Komanso izi zoti munthu ukaitanitsa nsomba akuthamangira kukubweretsera vinyo wofiira wolemera, ati ndiye amene anthu amakonda, zinayamba liti? Wofiira wotero pa chambo amasiya kakomedwe ka chitsulo mkamwa. Ndiye ena a inu pa menyu mwangolemba kuti "vinyo woyera", osatchula mtundu wa mphesa, osatchula kumene wachokera, koma mtengo wokha mwaulemba ndi zilembo zikuluzikulu.